Fundi Mwakalinga, Munthu Amene Ankamva Tebo

Sabata yatha tinakaika mwala pamanda a alamu anga, a Ambokile Mwakalinga, patatha chaka chimwalirireni. Abusa atamaliza pemphero, madalaivala amene anabwera anapempha kuti nawonso achite chawo. Anayatsa injini zonse nthawi imodzi, malole, maminibasi ndi mapikapu amene anandandalika m'mbali mwa njira ya kumanda, kenako anazizimitsa pamodzi. Azimayi anayambiranso kulira. Ine ndinaima kumbuyo, chipewa chili m'manja, ndipo chimene chinandifikira mumtima sichinali chisoni chokha. Ndinadzifunsa kuti tsiku langa likadzafika, ndi dalaivala uti adzawotche dizilo wake chifukwa cha ine. Ndikunena izi ndi manyazi, koma sindingafotokoze za munthu uja kwinaku ndikubisa kuti ndinawachitira nsanje zaka zoposa makumi awiri.

Ine ndine Msiska wa ku Chilumba, makaniko ngati iwo. Ndinakwatira mlongo wawo wamng'ono, Tusayiwe, ndipo galaja yanga ili pa Boma, m'mbali mwa M1, moyang'anizana ndi pamene iwo ankagwirira ntchito. Za ine zithere pomwepa.

Anthu sankawatchula dzina. Ankangoti Fundi, kutanthauza mmisiri m'Chiswahili, ngati kuti m'Karonga monse fundi anali mmodzi. Mlendo akaima pa galaja yanga n'kufunsa kuti, "Kodi kwa Fundi ndi pano?" ndinkangoloza tsidya la msewu ndi sipanala. Ine ndinali ndi chikwangwani cholembedwa bwino, ndi setifiketi ya ku sukulu ya ntchito zamanja yoikidwa m'felemu. Iwo sukulu analekezera Sitandade 4, n'kuwoloka Songwe kukatsuka zitsulo m'magalaja a ku Mbeya. Anabwerako patapita zaka zambiri ali ndi Chiswahili, chala chimodzi chopindika, ndi khutu limene mpaka lero sindilimvetsa.

Ntchito yawo yeniyeni inali tebo. Kwa amene sadziwa, tebo ndi chitsulo chooneka ngati nkhono, chimene chimazungulitsidwa ndi utsi wotuluka mu injini, ndipo chikamazungulira chimakankhira mpweya wambiri mu injinimo kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Kukankha kumeneko amakaniko timati busiti. Busiti ikachepa, galimoto imalefuka pa chitunda n'kumafuka utsi wakuda. Ikachuluka imang'amba mapaipi, imawotcha gasiketi, nthawi zina imapha injini yonse. N'chifukwa chake pa tebo pali kachitseko kotchedwa wesitigeti, kamene kamatseguka kuti utsi wina ulambalale busiti ikafika pa mlingo wake. Kachitsekoko kamakankhidwa ndi kandodo kachitsulo kochokera m'kachitini kokhala ndi labala ndi sipuling'i mkati. M'mabuku kachitiniko amakatcha akichuweta, koma Fundi ankangoti kachitini. Ukapota kandodo n'kukafupikitsa, kachitseko kamachedwa kutseguka ndipo busiti imakwera. Ukakatalikitsa imatsika. Nkhani yake ndi yomweyo basi, ndipo ndinaidziwa ndisanakwatire n'komwe. Chimene ndinalibe n'chakuti ndiime pamsewu n'kumva kumene kwalakwika.

Galimoto ikabwera kwa iwo, sankathamangira kutsegula boneti. Ankauza dalaivala kuti abwerere nayo chakumsika, aibweretse akuponda ndithu, adutse, atembenuke, adutsenso. Iwo ankaima m'mphepete mwa msewu atafulatira, mutu atapendeketsa, ngati munthu amene akumvetsera kulira kwa maliro akutali kuti adziwe mudzi wake. Galimoto ikaima ankayamba mafunso. Imalefukira pati? Pa Chiweta, pa khona iti? Utsi wake ndi wakuda kapena wotuwa? Munanyamula mpunga kapena anthu? Madalaivala ena ankatopa nawo mafunsowa, koma ankayankha, podziwa kuti akapupuluma Fundi abwerera ku mbale yawo ya mbalagha n'kuwasiya ali chiimire.

Zipangizo zawo zinali zoseketsa: pampu ya njinga yolumikizidwa ku geji yoyezera matayala, ndi botolo la madzi a sopo. Pampuyo ankaimangirira ku kachitini n'kumapopa pang'onopang'ono, diso lili pa kandodo, kuti aone pamene kayambire kusuntha, ngati kakuyenda mosalala kapena modukiza, ndiponso ngati singano ya geji ikuima kapena ikubwerera yokha. Ikabwerera yokha ankadziwa kuti labala ya m'kachitini yabooka. Ine ndinali ndi geji yeniyeni ya busiti, yoitanitsa ku Dar es Salaam. Tikayeza galimoto imodzi, mayankho athu ankafanana. Koma iwo ankafika msanga, ndipo anthu ankaona.

Ankakonda kunena kuti kandodo n'komaliza kukhudza. Uyambe waona fyuluta ya mpweya, mapaipi onse ndi zomangira zake, kapaipi kakang'ono kopita ku kachitini, kenako kachitseko ngati sikanagwidwe ndi mwaye. Munthu woyambira pa kandodo ankamufanizira ndi mwini ngolo wokwapula ng'ombe asanaone kuti goli lathyoka. Ndipo ukafika popota, ankati upote theka lokha, umange nati, ukayende, ubwere, uganize. Pokoleka kandodo pa kachikhomo ka kachitseko, ankati kazifuna kukokedwa pang'ono chabe, kutalika kwa theka la bowo lake. Kakangolowa kokha ndiye kuti n'kolobodoka, kakafuna nyonga ndiye kuti wapitirira. Zonsezi ndinkazimva ndili kwanga, chifukwa mawu awo anali aakulu, oposa phokoso la malole.

Sanali munthu wofewa. Nthawi yopota ikakwana, ankatuma dalaivala kuti akagule madzi akumwa, n'kuphimba injini ndi msana wawo kuti wina asaone zimene zala zikuchita. Akaona galimoto ya kasitomala wawo yaima kwanga, sabata yonse moni kunalibe. Pa misonkhano ya banja, akafuna kundichepetsa, ankathamangitsa Chinkhonde mpaka ine ndinkangoseka pamene ena aseka. Ndipo nawonso nsanje anali nayo, ngakhale sanavomerepo.

Ndinaiona bwino magalimoto a kompyuta atachuluka, aja olowera pa Songwe. Ndinagula kabokosi kowerengera matenda a injini, ndipo kwa nthawi yoyamba mzere unakhala mbali yanga ya msewu. Fundi anapirira masiku atatu. Tsiku lachinayi anawoloka, manja ali kumbuyo, n'kuima pambali pa galimoto imene ndinkayeza.

"Alamu, sing'anga wanuyo akuti chiyani?"

"Akuti busiti yachepa," ndinayankha mokweza kuti mwini galimoto amve.

"Zimenezo ndinamva galimoto isanaime. Wakuuzani kuti mpweya ukuthawira pati?"

Kabokosiko sikananene. Iwo anazungulira, n'kugwira kapaipi kakang'ono kamene kanali katauma n'kung'aluka kumapeto, anakakoka pang'ono kuti mng'alu uoneke, n'kubwerera kwawo. Ndinawakuwira ali pakati pa msewu kuti dziko lasintha, magalimoto akubwerawa safuna makutu, amafuna munthu wodziwa kuwerenga. Anaima, koma sanacheuke. Patapita miyezi ndinamva kwa Tusayiwe kuti alamu anapempha mwana wawo wamkazi, amene ndi mphunzitsi, kuti aziwaphunzitsa kuwerenga Chingerezi masana a Lamlungu, ndipo anasiya atalephera. Nditamva ndinakondwa. Ndinakondwa ndithu, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo.

Koma kuti mumvetse chifukwa chake munthu wamkulu ngati ine angakondwe ndi chinthu chotero, ndiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zisanu kabokosiko kasanabwere, pa nkhani ya pikapu ya Che Jafali.

Che Jafali anali wamalonda wochokera ku Mangochi, wokhala ndi sitolo pafupi ndi msika, ndipo nthawi yokolola ankanyamula mpunga kupita nawo ku Mzuzu. Pikapu yawo ya dizilo sinagwiridwepo ndi munthu wina kupatula Fundi. Chaka chimenecho, mpunga utangouma, Fundi anawoloka malire kupita ku maliro a malume awo ku Kyela, ndipo anakhalako masiku anayi. Lachinayi m'mawa pikapu ija inaima tsidya, inadikira pang'ono, kenako inatembenuka n'kulowa pa galaja yanga.

"A Msiska, Fundi kulibe, ndiye ndabwera kwa inu," anatero Che Jafali potsika.

Sanafune kundinyoza, koma mawuwo anandilowa ngati munga. Anafotokoza kuti galimoto ikulemera, akaponda ikungolira, utsi bii, liwiro palibe. Mawa lake linali tsiku la mapemphero, ndipo Loweruka ankafuna kunyamuka ndi matumba a mpunga pamodzi ndi akazi awo, amene ankapita kukaona mwana wawo yemwe anali atangochira kumene ku Mzuzu.

Ndinaona fyuluta, inali bwino. Ndinayang'ana mapaipi chapamwamba, sindinaone kanthu. Pansi sindinalowe. Ndinkadziwa chimene chingapatse galimotoyo mphamvu msanga, Fundi asanabwere, ndipo ndinkafuna kuti Che Jafali achoke akudziwa kuti tsidya linonso kuli munthu. Ndinamasula nati, ndinachotsa kakilipi kogwira kandodo pa kachikhomo, n'kupota kandodo katatu kathunthu. Pokabwezera kanakana kufika pa kachikhomo, mpaka ndinachita kukakoka ndi pulayala. Manja anga omwe ankandiuza kuti ndapitirira. Sindinawamvere.

Tinakaiyesa pa msewu wathyathyathya wopita ku Kaporo, yopanda katundu. Inathamanga ngati yatsopano. Che Jafali anamenya chiwongolero ndi chikhatho, akuseka.

"Iii, a Msiska! Fundi amene sanaifikitsepo apa!"

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba, ndinawafotokozera Tusayiwe kawiri, ndipo Lachisanu lonse ndinkawabwereza mumtima.

Loweruka m'mawa Fundi anali atabwera, atakhala pamalo pawo ndi kapu ya tiyi. Pikapu ija inatulukira chakumsika, itadzaza mpunga mpaka kumbuyo kwatsika. Che Jafali atasintha giya, tebo inaimba mluzu wautali, wokwera. Inenso ndinaumva, ndipo kwa ine unamveka ngati mphamvu. Fundi anaika kapu pansi, anayenda mpaka pakati pa msewu, n'kukweza dzanja. Minibasi imene inali kumbuyo inaliza hutala, kondakitala akutukwana, koma iwo sanasunthe mpaka pikapu inapatuka.

"Mwadzuka bwanji, Che Jafali? Galimoto iyi lero Chiweta sikwera."

"Aa, Fundi, yakonzedwa dzana lomweli. Alamu anu omwe. Ikuthamanga zedi."

Fundi anatsegula boneti n'kuwerama. Sanachedwe. Nati inali ndi zipsera zatsopano za sipanala yanga. Anthu anali atayamba kusonkhana, akabaza ndi azimayi ogulitsa nthochi, chifukwa pa Boma munthu akaimitsa galimoto ndi dzanja pamakhala nkhani. Anaweramuka n'kundiyang'ana tsidya la msewu. Ndinadziwa kuti dzina langa latha. Liwu limodzi lokha la Fundi linali lokwanira kuti pofika masana Karonga yense adziwe kuti Msiska, ndi setifiketi yake, anatsala pang'ono kupha injini ya mwini.

"Alamu!" anaitana. "Tabwerani kuno. Bwanji simunawauze Che Jafali kuti adzere kaye kuno? Si tinagwirizana pa foni kuti inu muyambe, ine ndidzamalize?"

Sitinalankhulane pa foni sabata yonseyo. Ndinawoloka msewu, n'kunena kuti, "Ndinaiwala, alamu."

"Mwaona, ntchito ikachuluka mutu umataya zina," anauza Che Jafali. "Amayi atsike akhale pamthunzi. Muchoka dzuwa lisanafike pamutu."

Akazi a Che Jafali anatsika ndi beseni lokutidwa ndi chitenje, mmene munali zovala za khanda, n'kukakhala pakhonde la sitolo ina pafupi. Fundi anandiuza kuti ndilowe pansi pa galimoto, ndigwire paipi yaikulu yochokera ku tebo, kunsi kwake, pafupi ndi chomangira. Dzanja langa linabwerako lili ndi oyilo. Panali mng'alu wautali ngati chala, pamalo pamene munthu woimirira sangaone. Anandipatsa botolo la sopo, anauza Che Jafali kuti aponde, ndipo thovu linatuluka pa mng'aluwo ngati pakamwa pa ng'ombe yotopa. Vuto lonse linali pamenepo kuyambira pachiyambi. Mpweya unkathawira pa mng'alu, ndipo ine, pofupikitsa kandodo, ndinakakamiza tebo kuzungulira mopitirira muyeso kuti idzaze thumba lobooka.

Fundi anagwada pafupi ndi mutu wanga, ngati akundionetsa china, n'kuyamba kulankhula Chitumbuka chapansipansi kuti Che Jafali asamve. Anati ndi katundu ameneyu, paipiyo ikanaphulikira pa khona ina ya Chiweta, galimoto n'kutha mphamvu phompho lili pambali. Ikanapanda kuphulika, tebo ndiyo ikanasweka n'kuthira oyilo mu injini, ndipo injini ya dizilo ikayamba kumwa oyilo wake imathamanga yokha, kiyi siizimitsa. Sanakweze mawu, sananditchule dzina loipa. Ndili chigonere pamenepo ndinkaona mapazi a mayi aja pakhonde, atavula nsapato imodzi, akugwedeza phazi ngati munthu amene akuimba nyimbo mumtima.

Anavula paipi yolowetsa mpweya n'kugwedeza kampeni kozungulira ka m'kati mwa tebo ndi zala ziwiri. Kanali kadakali kolimba. Masiku awiri sanakwanire kuiwononga. Tinasintha paipi yong'ambikayo ndi ina imene anaitulutsa m'mulu wa zitsulo zawo. Kenako anachotsa kakilipi, ndipo kandodo kanadumpha kubwerera m'mbuyo, kutali ndi kachikhomo. Tsiku limenelo sanandiphimbire ndi msana. Anapota pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga, mpaka bowo linatsala theka kuti lifike. Anapota katatu ndendende. Anandipatsa pampu ya njinga kuti ndipope, iwo akuyang'ana kandodo, ndipo katayamba kusuntha pamene ankafuna anati, akunditchula alamu m'Chiswahili, "Basi, shemeji, pomwepo." Aliyense woonerera anaona amuna awiri ogwirizana.

Tinakwera atatu kukaiyesa pa chitunda cha msewu wa ku Chitipa, katundu ali momwemo. Inakwera bwino, mluzu uli wofatsa, utsi wochepa. Pamwamba anaimitsa, anapota theka lina, tinatsika n'kukweranso, kenako anamanga nati. Che Jafali ananyamuka dzuwa lisanafike pamutu, monga Fundi ananenera, akutithokoza tonse awiri mofanana.

Madzulo ake Fundi anabwera kwanga atanyamula pulayala yanga, imene ndinaiiwala kwawo. Tinali awiri okha.

"Bwanji simunangonena zoona?" ndinawafunsa.

"Mlongo wanga amadya za m'manja mwanu. Ndikakupherani dzina, adya chiyani?"

"Ndiye munachitira Tusayiwe, osati ine."

"Ndinachitira amene ndinachitira." Anaika pulayala pa benchi. "Ntchito mumaidziwa, alamu. Mukanangolowa pansi mukanauona mng'alu uja. Koma inu simunkakonza galimoto. Munkakonza ine."

Ndinawayankha zoipa. Ndinati munthu wosadziwa kulemba dzina lake asandiphunzitse ntchito, kuti khutu ndi mwayi wobadwa nawo ngati mmene galu amabadwira ndi mphuno. Anandithokoza m'Chinkhonde kuti, "Ndagha," ngati ndawapatsa mphatso, kenako anapita. Miyezi iwiri sitinapatsane moni. Akazi athu ankadabwa, ankafunsana, koma palibe anauzidwa.

Akanandinyoza pagulu, ndikhulupirira kuti ndikanawakhululukira msanga. Munthu wokuchititsa manyazi umakhala ndi pomugwira. Koma iwo anali atandiposa pa ntchito, n'kundiposanso pa mtima, tsiku limodzi, ndipo ndinasowa pobisala. Choipitsitsa chinabwera pambuyo. Che Jafali atabwerako ku Mzuzu anafalitsa pamsika ponse kuti alamu awiri aja amagwira ngati munthu mmodzi, wina amayamba, wina amamaliza. Anthu anayamba kubwera kwanga Fundi akatanganidwa, osaopanso. Galaja yanga inakula ndi dzina limenelo, ndipo galimoto iliyonse yobwera choncho inkandikumbutsa mwini dzinalo. Fundi sanauzepo munthu. Akazi awo sakudziwa mpaka lero. Tusayiwe adziwa akawerenga izi.

Zaka zawo zomaliza makutu anayamba kutseka. Poyamba ankabisa. Ankauza dalaivala kuti adutse katatu m'malo mwa kawiri, kenako kanayi. Tsiku lina ndinawaona ataima m'mphepete mwa msewu mutu uli chipendekere, galimoto itadutsa kale n'kuima, iwo akudikirabe. Mwini galimoto anachita kuwagwira paphewa. Ndikanakonda kulemba kuti ndinamva chisoni, koma choyamba chimene ndinamva chinali mpumulo, ngati munthu amene watula katundu. Ndinaganiza kuti tsopano tafanana. Sitinafanane. Sabata yotsatira ndinawaona atatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga ili pa tebo, chogwirira atachikanikiza pa nsagwada, maso ali otseka, dzanja lina lili pa paipi kumva mmene ikufufumira. Anapitiriza choncho zaka zina ziwiri, ndipo madalaivala sanawasiye.

Atagwa ndi matenda ofa ziwalo, Tusayiwe anandikakamiza kuti ndizikawaona. Ndinkapita masana a Lamlungu, n'kuwapeza pakhonde, dzanja lamanja lili pamiyendo ngati la munthu wina. Tinkalankhula za mvula ndi za mpira, ine ndikukuwa kuti amve. Ulendo womaliza, milungu itatu asanamwalire, ndinadzikakamiza kunena chimene ndinasunga zaka zonsezo.

"Alamu, mukupita nazo zonse. Simunaphunzitse munthu."

"Mwati bwanji?"

"Ndati simunandiphunzitse! Munkabisa ndi msana!"

Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mpaka anatsokomola.

"Ndinkabisira madalaivala, kuti asakapote okha m'njira n'kudzipha. Inu msewu uja munauwolokapo kudzafunsa? Zaka zonsezi ndinkadikira. Ndinkati lero abwera, ndimuonetse, naye andiwerengere mabuku akewo." Anapuma pang'ono. "Inenso sindinawoloke kudzapempha. Ndinkaopa kuti mundiseka."

Ndinawathandiza kumwa madzi, ndinawakonzera pilo, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili wokwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani. Ngakhale pamenepo, munthu ali pafupi kufa, anali atanena chinthu chimene ine ndinalephera kunena, ndipo anachinena mosavuta.

Pamalo pamene ankagwirira ntchito palibe amene walowapo. Malata a shedi abale anakafolera nyumba ya akazi awo, zitsulo zinatengedwa ndi ogula zakale, ndipo patsala nsanamira zinayi zabulugamu ndi dzenje limene ankalowamo poona magalimoto kunsi. M'dzinja munadzaza madzi, achule anaswana momwemo. Udzu wamera mozungulira, koma ukafika pamene nthaka inada ndi oyilo wa zaka makumi atatu umaima, moti malowo amaoneka ngati bwalo losesedwa. Mbuzi zimadutsa m'mbali.

Mwezi watha ndinawoloka n'kukaima pakati pake. Pa nsanamira yakumbuyo, mbali yosayang'ana msewu, ndinapeza zolemba zimene sindinazionepo: mizere yaifupi ndi yaitali yokandidwa ndi msomali, timabwalo, mitanda, tina tooneka ngati matayala, kuyambira m'munsi mpaka pamene dzanja lawo linkafika. Ndi mmene ankasungira za galimoto iliyonse, mwina za mmene anapotera, mwina za chimene anapeza. Ndinafunsa akazi awo, ndinafunsa mwana wawo, ndinaitana madalaivala awiri akale. Palibe akudziwa kuwerenga kwake. Ndakopera zonse m'kope, ndipo ndakhala nazo masana angapo, magalasi ali pamphuno, koma sindinamvetse mzere ndi umodzi womwe. Chiswe chayamba kale kudya nsanamirayo kuchokera pansi. Mizere ya zaka zoyambirira yatha, ndipo mvula ikubwerayi mtengowo ugwa.